Kutsogolo kwa mzere wa ana kuli ndani?

Lero ndicheze makamaka ndi aphunzitsi, a komiti ya sukulu ndi inu makolo, chifukwa nkhani yathu ndi ya maulendo a ana a sukulu okaona nyama zakutchire.

Teremu ikamapita kumapeto mumadzionera nokha pamsewu: kosita kapena minibasi yodzaza ana a yunifolomu, mitu ili pawindo, nyimbo ili pakamwa, m'zikwama muli mandazi ndi botolo la Sobo. Kunyumba makolo asonkha ya ulendo, ena mochita kukongola. Madzulo mwana akafika mumamufunsa kuti, nanga waonako chiyani? Yankho limakhala lalifupi. Taona anyani. Ng'ona inangoti phee, kaya inali yakufa. Mkango umagona. Akatero wayamba kusimba za mnzake amene anasanza m'basi, ndipo nkhani yaitali ndi imeneyo.

Mwanayo sakunama ayi. Mkango umatha kugona kapena kungopuma maola 18 mpaka 20 pa tsiku, ndipo basi ya sukulu imafika dzuwa litakwera kale, nyama iliyonse yanzeru ili pamthunzi. Ng'ona ija yangoti phee kukamwa kuli yasa ili pa ntchito. Thupi lake silidzipangira lokha kutentha, choncho imawothera dzuwa, ndipo ikatenthedwa imayasamula kuti mutu uzizire. Limenelo ndi phunziro lathunthu la sayansi, koma mwana saliona yekha. Pamafunika munthu woima pambali pake n'kumufunsa kuti, iwe ukuganiza kuti yayasamuliranji chonchi? Ulendo wonse, ndi ndalama zonse zija, zatsamira pa munthu ameneyo, woyenda kutsogolo kwa mzere.

Ku London kuli zoo yakale kwambiri, imene inatsegulidwa mu 1828. Poyamba inali ya akatswiri ofufuza za nyama, ndipo anthu wamba anayamba kulowamo mu 1847. Katswiri wina, Eric Jensen, anachita kafukufuku pa ana a sukulu oposa 2,800, a zaka 7 mpaka 15, amene anapita kumeneko. Njira yake inali yapafupi. Mwana aliyense ajambule malo amene nyama zimakhala kutchire, pamodzi ndi zomera ndi nyama za pamenepo, asanalowe m'zoo, ndipo ajambulenso atatuluka. Zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Mwa ana amene anafotokozeredwa ndi mphunzitsi wa pamalopo, 41 mwa 100 alionse anaonetsa kuti aphunzirapo kanthu. Mwa amene anangoyenda popanda wowafotokozera, anali 34.

Anthu ambiri akamva manambala amenewa amaona zoti wotsogolera amathandiza, ndipo n'zoona. Koma ine chimene chimandiimika ndi china. Ngakhale pamene panali wofotokozera, ana oposa theka zojambula zawo sizinaonetse kuti apita patsogolo. Kumeneko ndi ku London, kumene kuli zikwangwani pakhola lililonse, mabuku, ndi antchito ophunzira za ntchito yawo. Kulowa pageti pakokha sikuphunzira. Nanga kwathu kuno, kumene kalasi imodzi ya boma imakhala ndi ana oposa 60, kwina kupitirira 100, onse ali piringupiringu kumbuyo kwa munthu mmodzi? A kutsogolo asanu ndiwo amamva. A pakati amamva kuti kwanenedwa kanthu. A kumbuyo akutsegula mandazi.

Tsono wotsogolera wabwino amatani? Choyamba amayenda pang'onopang'ono, ndipo maso ake amakhala pansi kaye asanapite m'mwamba. Amaima pamatope n'kuuza ana kuti azungulire phazi limene lapondapo. Sawauza dzina la nyama. Amafunsa kuti, zala zake ndi zingati? Zikhadabo zikuoneka? Phazi la fisi limasiya zikhadabo pansi, koma la kambuku silisiya, chifukwa kambuku amabweza zikhadabo zake m'kati poyenda monga amachitira mphaka wa pakhomo. Mwana amene wazindikira yekha zimenezi sadzaiwalanso, ndipo akafika kumudzi ayamba kuyang'ana mapazi a agalu ndi amphaka kuseri kwa nyumba. Patsogolo pang'ono pali ndowe zoyera mbee. N'za fisi, ndipo zayera chifukwa fisi amaphwanya mafupa n'kumeza. Apo pagwa munga wa nungu. Ana onse anena kuti nungu imalasa minga yake ngati mivi. Wotsogolera amawalola atsutsane kaye, kenako n'kuwauza kuti nungu siilasa: imaimika minga, n'kuthamangira mdani chobwerera m'mbuyo, ndipo mingayo imazuka mosavuta n'kutsalira m'thupi mwa mdaniyo.

Pali chinthu china chimene ndimachikonda kwambiri, ndipo sichilira ndalama. Wotsogolera amauza ana onse kuti akhale pansi, atsinzine, akhale chete kwa mphindi imodzi, aliyense aziwerenga ndi zala mitundu ya kulira kwa mbalame imene akumva. Mphindi imodzi ndi yaitali kwa mwana wa Sitandade 5. Koma akatsegula maso mkangano umabuka, wina akuti zinayi, wina akuti zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi zina gwape amene anabisala chifukwa cha phokoso amakhala watulukira poyera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zonsezi zimatheka ngati ana agawidwa m'magulu a 10 kapena 15, gulu lililonse ndi wamkulu wake. Gulu la ana 80 silidekha, ndipo palibe nyama imene ingalidikire.

Tiyeni tipite ku Lilongwe. Pakati penipeni pa mzinda, kuchokera ku Old Town kupita ku City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pali nkhalango imene mkati mwake muli Lilongwe Wildlife Centre. Sukulu zambiri za m'chigawo chapakati zimapita kumeneko. Eni ake amanenetsa kuti malo awo si zoo. Ndi chipatala komanso pothawira nyama zimene zavulala, zamasiye, kapena zolandidwa kwa anthu ozigulitsa. Amene anapitako zaka za m'mbuyomu akukumbukira mkango waukazi wa diso limodzi, dzina lake Bella, umene unabwera mu 2009 kuchokera ku zoo ina ya ku Romania kumene unkazunzika, mothandizidwa ndi bungwe la Born Free Foundation. Taganizani, mkango kuchoka ku Ulaya kudzapeza mpumulo ku Malawi. Ana ankaukonda, ndipo kwa ambiri unali mkango woyamba kuuona ndi maso.

Koma ntchito yeniyeni ya malo amenewa ili pa apusi, anyani, agwape, akadzidzi ndi ngaka. Kapusi kamene mumakaona kakugulitsidwa m'mbali mwa msewu sikanatoledwe. Mwana wa pusi amakangamira pamimba pa mayi wake, ndiye kuti pomutenga, kawirikawiri mayiyo amakhala waphedwa. Wogula amakamanga chingwe m'chiuno. Pusi akukula, chingwe sichikula, mapeto ake chimalowa m'thupi. Akafika posamalirapo amayamba wachira mabala, kenako amaphatikizidwa ndi anzake pang'onopang'ono mpaka apange gulu lodziwana, chifukwa pusi mmodzi payekha kutchire sakhalitsa. Magulu otere ena anakamasulidwa ku nkhalango ya Kasungu. Ndipo nyama zimene akuzikonzekeretsa kubwerera kutchire sazionetsa kwa alendo. Chifukwa chake n'chomveka: pusi wozolowera anthu akamasulidwa amalunjika kumudzi kukapempha chakudya, ndipo kumudziko akamulandira ndi legeni ndi agalu.

Apa ndiye makolo ena amadandaula kuti, talipira ndalama koma ana sanaone nyama zambiri. Ndikuwamvetsa. Koma ine ndikuti mwana amene wayenda m'njira za m'nkhalango ija, waona mbawala ikudya mwaufulu, wasuzumira ng'ona mu Lingadzi ali patali, ndipo wamva bwinobwino nkhani ya pusi wa chingwe uja, wabwerera ndi chinthu chimene adzachigwiritse ntchito. Wogulitsa kapusi uja amaima pamsewu umene mwanayo amadutsa. Tsiku lina amalume adzafuna kugula kuti kazisangalatsa ana pakhomo, ndipo m'galimoto mudzamveka mawu aang'ono akufunsa kuti, nanga amake ali kuti? N'chimodzimodzi ndi ngaka. Mwana adziwe kuti kanyama aka kamadya nyerere ndi chiswe, kuti mamba ake ndi opangidwa ndi zomwezo zimene zimapanga zikhadabo zathu, ndiponso kuti chisinthireni lamulo mu 2017, wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Ambiri amene amagwidwa si mabwana ogula kunja aja. Ndi abambo a kumudzi amene anauzidwa kuti akapeza ngaka alemera.

Ana a sekondale, makamaka a Fomu 3 ndi 4, amafunsa funso lovuta, ndipo ndi bwino kuti afunse: kodi n'chilungamo kutsekera nyama m'khola kuti ife tiione? Wotsogolera asalizembe. Awaonetse kuti nyama imene ikuyenda uku ndi uku pamzere umodzi, mpaka udzu kufa pamene ikupondapo, sikusewera. Ndi chizindikiro chakuti malo aichepera ndipo ilibe chochita. Awauzenso kuti nkhawa imeneyi si ya lero: mu 1907 Carl Hagenbeck anatsegula zoo ku Hamburg imene m'malo mwa zitsulo anakumba maenje pakati pa nyama ndi anthu. Komanso ndinene pambali kuti munthu yemweyu ankaonetsanso anthu, ena ochokera ku Africa kuno, kuti azungu azilipira kudzawaonerera. Ana a Fomu 4 akamva zimenezi mkangano wake sutha pageti, umapitirira m'basi mpaka kusukulu. Aphunzitsi, musauthetse.

Tsopano ndifike pa chimene mabuku ochokera kunja sachidziwa. Mwana wathu safika pamalo a nyama mutu uli wopanda kanthu. Amabwera ndi zimene agogo anamuuza. Kadzidzi akalira padenga ndiye kuti pakhomo pagwa maliro. Fisi amakweredwa ndi afiti usiku. Wotsogolera wina akamva zimenezi amaseka, n'kunena kuti zimenezo ndi zaumbuli. Akatero walephera ntchito. Mwanayo atseka pakamwa, avomera ndi mutu, koma mumtima asankha agogo ake, ndipo ine sindingamudzudzule. Wotsogolera wanzeru amafunsa kuti, chabwino, nanga kadzidziyo amadzatani pakhomo usiku? Pafupi ndi denga pali nkhokwe, ndipo pankhokwe pali makoswe. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, kenako amabzikula ubweya ndi mafupa zitaumbika ngati kampira. Patsani ana timipira timeneti tatatu, aliyense ndi kamtengo, aphwasule, awerenge tizigaza ta makoswe. Palibe amene wanyoza agogo. Koma tsiku limene anyamata adzatole miyala kuti agende kadzidzi, padzapezeka mmodzi wonena kuti, musiyeni, akutilondera chimanga.

Nkhani ya njovu ndiye yolemera kuposa zonse. Nkhalango zathu zasintha kwambiri m'zaka zapitazi. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, nyama zikuluzikulu zinali zitatheratu pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks mu 2003. Zipembere zinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Ku Liwonde njovu zinachulukana moti mu 2016 ndi 2017 zoposa 500, zochokera ku Liwonde ndi ku Majete, zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Kwa mlendo wa kamera, imeneyi ndi nkhani yokoma. Kwa anthu a m'midzi yozungulira Kasungu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, ndi nkhani ya minda yowonongeka ndi maliro.

Mwana wa m'mudzi wotere amaidziwa njovu, koma amaidziwa usiku. Amaidziwa ndi phokoso la zitini, ndi moto woyatsa m'malire a munda, ndi bambo ake ogona kudindiro. Sanaionepo masana ikusambitsa mwana wake pamtsinje. Amene amaiona chomwecho ndi mwana wa sukulu yolipira ya m'tauni, amene njovu sinamudyerepo ngakhale chitsononkho. Ngati pali mwana amene ayenera kulowa pageti la gemu ndi wotsogolera, ndi uyu wa kuseri kwa waya, chifukwa ndiye adzasankhe mawa kutchera msampha kapena kusatchera. Oyang'anira Majete ndi Liwonde amatenga ana a sukulu zoyandikana nawo kuwalowetsa m'nkhalango, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika kuposa malo ogona alendo amene timawaona pazithunzi.

Koma mwana ameneyu akalowa, musamulalikire. Akaimika dzanja n'kunena kuti, njovu inadya chimanga chathu chonse, ndiye mukuti tiziikonda, amafuna yankho loona. Muuzeni kuti njovu yaikulu imadya chakudya choposa makilogalamu 100 pa tsiku, ndipo munda wa chimanga ndi chakudya chambiri pamalo amodzi. Muuzeni chifukwa chake waya wamagetsi akadulidwa kuti apangire misampha, njovu zimatulukira pomwepo. Muuzeni za tsabola, amene utsi wake njovu imadana nawo, ndi za njuchi: ku Kenya, katswiri wina, Lucy King, anaonetsa kuti ming'oma yolumikizidwa ndi waya mozungulira munda imabweza njovu, chifukwa ikagwedeza wayayo njuchi zimatuluka, ndipo mlimi amapezanso uchi wogulitsa. Muuzeni woti amuimbire njovu zikatuluka, ndiponso chimene mudzi wake umapindula ndi ndalama za alendo, ngati chilipo. Ngati palibe, nenani kuti palibe. Mwana amadziwa munthu akamamunamiza.

Ndipo zonsezi zinenedwe m'chilankhulo chimene mwanayo amalotera. Pali otsogolera ena amene analoweza ndime ya Chingerezi yokonzera alendo akunja, ndipo amailakatula yomweyo kwa ana a Sitandade 4 ochokera ku Mitundu. Ana amawomba m'manja, koma sanatolepo kanthu. Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena, zonsezi zili ndi mayina a nyama, a mitengo ndi a mbalame, ndipo nthawi zambiri mwana wa kumudzi amadziwa dzina la mtengo limene wotsogolera wa m'tauni salidziwa. Mufunseni, aphunzitse anzake.

Aphunzitsi, mbali yanu ndi yaikulu, ndipo si yokhala pansi pa mkuyu ndi foni podikira kuti ana abwere. Musanapite, lemberani eni malowo kapena aimbireni: ana ndi a kalasi iti, alipo angati, mukuphunzira mutu wanji, mukufuna otsogolera angati. Ngati m'kalasi muli pa mutu wa zamoyo zimene zimadyana, auzeni, kuti wotsogolera akakonzekere kuonetsa udzu, gwape ndi kambuku, osati kungotchula mayina. Mwana aliyense anyamuke ndi funso lake limodzi lolemba m'kope, ndi pensulo. Nyamukani m'mamawa, nyama zisanabisale. Ndipo ulendowu musauike sabata yotsekera, pamene mayeso atha ndipo ana akungodikira kuuzidwa zotsatira. Uikeni pakati pa teremu, kuti mawa lake mukhale nawo m'kalasi, ajambule, alembe chimangirizo, atsutsane, inu n'kukonza pamene anamva molakwa. Sukulu zimene zili ndi kalabu ya zachilengedwe zili ndi poyambira. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene mbiri yake inayamba mu 1947, lakhala likugwira ntchito ndi makalabu amenewa kwa zaka zambiri.

Za chitetezo ndinena mwachidule, chifukwa mukuzidziwa. Ana asakwezedwe pa lole yotsegula. Awerengedwe pokwera ndi potsika. Asayandikire m'mphepete mwa madzi. Asapatse apusi ndi anyani chakudya, ngakhale aziyang'ana momvetsa chisoni chotani: nyani amaluma, ndipo wozolowera kulandira mandazi mawa amalanda. Majumbo ndi mabotolo abwerere m'zikwama.

Chotsala ndi ndalama. Chimene chimadula pa ulendo wotere kawirikawiri si chapageti ayi, ndi galimoto. N'chifukwa chake pa kalasi ya ana 90 amapita 25, ana a makolo okhoza kusonkha, ndipo 65 amatsala akusesa pabwalo la sukulu. Ine ndikanakhala m'komiti ndikanasankha malo apafupi oti kalasi yonse ifike, kusiyana ndi malo otchuka akutali oti afike ochepa. A ku Blantyre muli ndi phiri la Michiru pakhomo panu. A ku Salima muli ndi Kuti, kumene mbidzi ndi mphalapala mumaziona mukuyenda pansi. A ku Mangochi muli ndi Cape Maclear, mkati mwa Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, kumene mwana amaona mbuna zamawangamawanga atangoima pamwala. Abale athu a ku Lusaka muli ndi Munda Wanga ku Chilanga. Ndipo sukulu imene ilibe ngakhale ya mafuta ikhoza kuitana wa gemu kapena mlangizi wa zankhalango kuti abwere, ayende ndi ana kudambo la kuseri kwa sukulu ndi kumphepete kwa nkhalango ya mudzi. Munthu mmodziyo kumulipirira thiransipoti ndi nkhomaliro, komiti iliyonse ingakwanitse, ndipo palibe mwana amene atsale pabwalo ndi tsache.